Ngwazi za m'makomiki akale zikalimbana ndi anthu otuluka m'mabuku

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Zomba. Mnzanga ananditumizira pa WhatsApp masamba angapo a komiki yakale kwambiri ya ku America. Muli munthu wa uta ndi mivi, wina wa chipewa chachikulu ndi nsalu yofiira kukamwa, wina wovala zachitsulo atakwera hatchi yamapiko. Onsewa akulimbana ndi anthu amene atuluka m'mabuku, monga dzira lija lotchedwa Humpty Dumpty ndi wachifwamba wa panyanja wa mwendo umodzi. Kodi komiki imeneyi ndi iti? Zinalipo zina zotere? Nanga olembawo sikuti ankaba ntchito za anzawo? Ndikufuna kuyesa zofanana ndi zimenezi ndi ana anga a Sitandade 7 pogwiritsa ntchito nthano zathu.

Yankho: Aphunzitsi, malinga ndi mmene mwafotokozera, masamba amene muli nawowo ndi a Leading Comics nambala 14, yomwe inatuluka mu 1945, ndipo mutu wa nkhaniyo ndi "The Bandits from the Books". Gulu la ngwazi mukuliwonalo linkatchedwa Seven Soldiers of Victory, ndipo linayamba kuoneka mu nambala 1 ya magazini yomweyo mu 1941. Wa uta ndi miviyo ndi Green Arrow, amene amayenda ndi mnyamata wake Speedy. Wa chipewayo ndi Vigilante, woyimba nyimbo pa wailesi amene amathamangitsa mbava pa njinga yamoto. Wa hatchi yamapikoyo ndi Shining Knight. Mukayang'anitsitsa mupezamonso Star-Spangled Kid ndi mnzake wamkulu thupi Stripesy, komanso Crimson Avenger. Mukawawerenga akukwana asanu ndi awiri, koma palinso wachisanu ndi chitatu, Wing, wothandiza Crimson Avenger, amene ankamenya nawo nkhondo zonse koma osawerengedwa. Za iyeyu ndinenapo kutsogoloku.

Nkhani yake njosavuta. Wasayansi wina wapeza njira yotulutsira anthu a m'mabuku kuti aziyenda ngati ife, kenaka zamupulumuka. Long John Silver, wachifwamba wa mwendo umodziyo, watulukira limodzi ndi Hamlet, Humpty Dumpty, Uriah Heep ndi ena, ndipo ngwazi zija zikugawana ntchito yowasaka. Imeneyi inali nkhani yomaliza ya gululi pa nthawi imeneyo. Kuyambira nambala 15, Leading Comics inasiya za ngwazi n'kuyamba kusindikiza nkhani za tinyama toseketsa. Nkhani ina ya gululi imene Joseph Samachson anali atalemba kale inakhala m'kabati zaka 30, mpaka mu 1975 pamene inajambulidwa n'kutuluka pang'onopang'ono mu Adventure Comics.

Tsopano za kuba. Sankaba, ndipo anthuwa ankasamala kwambiri pa nkhani imeneyi chifukwa makampani awo ankakokerana kukhoti pafupipafupi. Lamulo la ku America la 1909 linkapatsa wolemba umwini wa buku lake kwa zaka 28, ndipo akafuna ankawonjezera zina 28. Zikatha zaka 56 buku linkasanduka la aliyense. Kuwonjezera apo, chaka cha 1891 chisanafike dziko la America silinkateteza n'komwe mabuku a alembi a kunja. Ndiye taonani zaka za anthu amene atuluka m'mabuku mu komiki yanuyo. Long John Silver ndi wa m'buku la Treasure Island la 1883. Uriah Heep ndi wa mu David Copperfield, la 1850. Humpty Dumpty anali kale m'kanyimbo ka ana a ku England asanalowe m'buku la Lewis Carroll la 1871. Hamlet ndiye wa m'sewero la William Shakespeare la cha m'ma 1600. Panalibe aliyense woti angagogode pa ofesi kudzafuna ndalama.

Umboni wabwino wosonyeza kuti ankadziwa malire uli mu Superman nambala 19, ya kumapeto kwa 1942. M'menemo muli chigawenga chotchedwa Funnyface, chimene chili ndi makina otulutsa anthu oipa a m'makatuni a m'nyuzipepala kuti akachibere. Makatuni otchuka a nthawi imeneyo anali ndi eni ake amoyo komanso maloya awo, choncho wolemba sanayerekeze kutchula maina enieni. Prince Valiant anasanduka Prince Peril, Flash Gordon anasanduka Streak Dugan, Lone Ranger anasanduka Solitary Rider. Mwana aliyense wa ku America ankadziwa amene akunenedwa, koma pa pepala panalibe chogwira. Pamapeto pake Funnyface atamuvula chophimba kumaso anapezeka kuti ndi wojambula makatuni amene ntchito zake zinkakanidwa paliponse. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa ikuoneka kuti anthu a ntchitoyi ankadziseka okha. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapanga Superman, nawonso anayenda naye zaka zingapo akukanidwa, asanatuluke mu Action Comics nambala 1 mu 1938.

Koma kukhala kwaulere kokha sikufotokoza chifukwa chake nkhani zotere zinkabwerezedwabwerezedwa. Apa tiyenera kulowa m'chipinda chimene makomikiwa ankapangidwira. Komiki imodzi inkagulitsidwa masenti 10 ndipo poyamba inkakhala ndi masamba 64, mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itachititsa kuti mapepala asowe, masamba n'kutsika kufika cha m'ma 48. Olemba ndi ojambula ambiri ankalipidwa pa tsamba. Wochedwa ankagona ndi njala. Ankagwira ntchito ngati telala wa pakhonde sabata yotsegulira sukulu: mayunifolomu aunjikana, makolo aima pomwepo, palibe nthawi yoganizira sitayilo yatsopano. Ndiye magazini za magulu, monga Leading Comics ndi All Star Comics, zinali ndi kamangidwe kake. Gulu lonse limakumana m'masamba oyambirira, kenaka aliyense amapita yekha m'chaputala chake cha masamba ochepa, ndipo onse amadzakumananso kumapeto. Kamangidwe kameneka kanali kothandiza chifukwa machaputala ankatha kugawidwa kwa ojambula osiyanasiyana nthawi imodzi. Vuto lake linali loti wolemba ankafunika adani asanu kapena asanu ndi mmodzi pa nambala iliyonse, aliyense wosiyana ndi mnzake.

Kuti mdani watsopano amveke pamafunika masamba: ndi ndani, akufuna chiyani, amaopa chiyani. Long John Silver safuna zonsezo. Mwana akangoona ndodo yoyendera ndi chipewa cha panyanja wadziwa kale kuti munthuyu amalankhula mokoma koma akufuna chuma. Akaona dzira litakhala pa khoma wadziwa kuti ligwa. Ntchito imene ikanadya masamba atatu yatha m'kabokosi kamodzi, ndipo otsalawo apita ku ndewu ndi nthabwala. Laibulale yonse inasanduka nkhokwe ya adani okonzeka kale.

Msika nawo unkakankhira komweko. Filimu ya Disney ya Snow White inatuluka mu 1937 n'kupanga ndalama zankhaninkhani, Pinocchio n'kutsatira mu 1940. Mu 1941 Albert Kanter anayambitsa Classic Comics, imene inkafotokoza mabuku otchuka m'zithunzi ndipo mu 1947 inasintha dzina kukhala Classics Illustrated. Mu 1942 kampani ya Dell inayamba Fairy Tale Parade, mmene Walt Kelly ankajambula nthano. Makolo ndi aphunzitsi ambiri ankadana ndi makomiki, ankati amaononga ana, choncho komiki yokhala ndi Hamlet inkaoneka yaulemu pang'ono pamaso pa bambo wotulutsa masenti 10 aja. Ndiponso nkhondo itatha mu 1945, adani amene ankadzaza masamba kwa zaka zinayi, asilikali ndi akazitape a ku Germany ndi Japan, anatha ntchito. Ngwazi zinatsala zopanda womenyana naye, malonda ake n'kuyamba kutsika, akonzi n'kumayesa chilichonse.

M'nyengo imeneyi ndi mmene munatuluka nkhani ziwiri zotsatizana za Justice Society of America, gulu loyamba la ngwazi, lomwe linayamba mu All Star Comics nambala 3 mu 1940. Mu nambala 38, anthu oipa a m'mbiri monga Nero, Attila, Goliati ndi Genghis Khan akuoneka ngati adzuka kwa akufa, koma kumapeto zikudziwika kuti ndi munthu mmodzi, mlonda wa nyumba yosungiramo ziboliboli za phula, amene amasinthasintha zovala. Mu nambala 39, ya 1948, mulibenso chinyengo. Dziko la nthano lenilenilo, limene limakhudzana ndi dziko lathu kamodzi pa zaka 1,000, latseguka, ndipo mkazi woipa wa kumeneko wotchedwa Lorelei akufuna kulanda dziko la anthu. Lorelei ameneyu anamutenga ku Germany, kumene dzinali ndi la thanthwe la m'mbali mwa mtsinje wa Rhine komanso la mkazi wa m'nthano amene kuyimba kwake kunkasokoneza oyendetsa mabwato. Mukaika nambala ziwirizi pamodzi mukuona njira ziwiri zimene olemba ankasankhapo: kapena zodabwitsazo zichitikedi, kapena pakhale wina wovala chigoba. Patangopita zaka zitatu, mu 1951, Justice Society inathera pa nambala 57 ndipo magaziniyo inasanduka All Star Western.

Ngati mukufuna ngwazi imene ntchito yake yonse inali imeneyi, dzina loti mulisunge ndi Kid Eternity. Anayamba kuoneka mu Hit Comics nambala 25 mu December 1942, ku kampani ya Quality Comics, ndipo anamupanga ndi Otto Binder ndi Sheldon Moldoff. Chiyambi chake n'chomvetsa chisoni kuposa mmene mungayembekezere m'buku la ana. Mnyamata ali pa sitima ya panyanja ndi agogo ake aamuna, sitima ya pansi pa madzi ya ku Germany n'kuiphulitsa, iye n'kufa. Atafika pa chipata cha kumwamba zikupezeka kuti dzina lake mulibe m'kaundula wa tsikulo. Kalaliki wina wonenepa wa kumeneko, Mr. Keeper, walakwitsa, mnyamatayo amayenera kukhala ndi moyo zaka zina 75. Pofuna kukonza cholakwacho akumubweza ku dziko ndi mphatso: akangonena mawu oti "Eternity!" amatha kuitana munthu aliyense wa m'mbiri kapena wa m'nthano kuti adzamuthandize. Mr. Keeper akulamulidwa kuti aziyenda naye.

Mukamuona pa tsamba ndi kamnyamata wamba, kovala juzi yoyera ya khosi lalitali ndi lamba wa nsalu yofiira m'chiuno, kopanda minofu ya Superman. Mphamvu yake yonse ndi kudziwa woti amuitane. Pakafunika kugwetsa khoma aitana Samsoni kapena Hercules, pakafunika kulasa patali aitana Robin Hood, pakafunika kufufuza aitana Sherlock Holmes. Nthawi zina ankaitana ngakhale ngwazi zinzake za ku kampani yomweyo, monga Plastic Man ndi Blackhawk, komwe kunali kutsatsa malonda mochenjera. Woitanidwayo amagwira ntchito yake m'mabokosi ochepa kenaka amazimirira. Anatchuka mokwanira kupatsidwa magazini yakeyake, imene inatuluka manambala 18 kuyambira 1946 mpaka 1949. Analinso ndi mdani wofanana naye, Master Man, amene akanena kuti "Stygia!" ankaitana anthu oipa okhaokha. Quality itatseka mu 1956, ngwazi zake zinapita ku kampani ya makomiki ya DC, imene pambuyo pake inadzanena kuti mnyamatayu ndi mchimwene wake wa ngwazi ina yotchedwa Captain Marvel Jr.

Kwa mphunzitsi, Kid Eternity ndiye wothandiza kuposa onse, chifukwa m'nkhani zake wopambana ndi amene anawerenga. Tinene zoona, si nkhani zake zonse zimene zili zabwino. Zambiri n'zothamangitsa, ndipo pena woitanidwayo amangobwera kudzamenya nkhonya imodzi imene wina aliyense akanamenya. Koma pamene wolemba anaganiza mofatsa, vuto limaikidwa poyera, wowerenga amayamba kulingalira yekha kuti pano ndikanaitana ndani, kenaka n'kuona ngati wagwirizana ndi mnyamatayo.

Pali ena amene amasokonezedwa ndi gulu limeneli koma sanatuluke m'buku lililonse, anangobwereka zovala. Batman ali nawo angapo. Tweedledum ndi Tweedledee anayamba mu Detective Comics nambala 74 mu 1943, ndipo ndi apachibale awiri onenepa ofanana nkhope amene anatengera mwayi pa kufanana kwawo ndi anthu a m'buku la Carroll. Mad Hatter, wotengera munthu wa m'buku lina la Carroll, anabwera mu Batman nambala 49 mu 1948. Solomon Grundy ndiye wapakatikati. Anatulukira mu All-American Comics nambala 61 mu 1944, atalembedwa ndi Alfred Bester: mtembo wa munthu wophedwa umene wadzuka m'dambo lotchedwa Slaughter Swamp, sukukumbukira kanthu kupatula kuti unabadwa Lolemba. Anthu osowa pokhala amene unawapeza akuotha moto anakumbukira kanyimbo ka ana konena za Solomon Grundy wobadwa Lolemba n'kuikidwa m'manda Lamulungu, basi dzina n'kukhala lomwelo. Popeza thupi lake linasakanikirana ndi mitengo ya m'dambomo, mphete ya Green Lantern wa nthawi imeneyo, imene sinkagwira ntchito pa chinthu cha mtengo, inalephera kumugonjetsa. Shining Knight wa pa masamba anuwo nayenso ndi mlendo wochokera m'nthano: msilikali wa mfumu Arthur amene anaundana m'madzi oundana n'kudzatsitsimuka mu 1941, mu Adventure Comics nambala 66. Choncho m'nkhani yanuyo munthu wa m'nthano akuthamangitsa anzake a m'nthano kuti abwerere kwawo.

Ndiye n'chiyani chimasiyanitsa nkhani yabwino ya mtundu umenewu ndi yachabechabe? Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi. Munthu wa m'nthano sabwera yekha, amabwera ndi lamulo lake. Humpty Dumpty ayenera kugwa. Hamlet ayenera kuzengereza. Silver ayenera kupereka mnzake chuma chikaoneka. Wolemba waulesi amatenga nkhope n'kusiya lamulo, ndiye Hamlet amangokhala munthu wina wa lupanga woti amenyedwe chibakera. Wolemba wabwino amachititsa kuti nkhonya zilephere, ngwazi ikumbukire mmene nthanoyo imathera, n'kugonjetsa mdaniyo ndi lamulo lake lomwe.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino zimenezi si cha m'ma 1940 ayi, ndi cha chaka cha 2000, pamene Mark Waid ndi Bryan Hitch anabwerera ku mwambo wakalewu mu JLA nambala 47, magazini ya gulu la ngwazi la Justice League of America. Mfumukazi yoipa yotchedwa Queen of Fables yamasuka m'buku la nthano mmene inatsekeredwa, yasandutsa dera la Manhattan mu mzinda wa New York kukhala nkhalango ya mfiti ndi zilombo, ndipo ikuganiza kuti Wonder Woman ndi Snow White, mdani wake wakale. Mphamvu zake zimachokera m'malingaliro a anthu, choncho kumumenya n'kosathandiza, ndipo kumubwezera m'buku la nthano n'kumubwezera kumene ali ndi zida zonse. Ngwazi zija zinamutsekera m'buku la malamulo a msonkho a dziko la America, mmene mulibe kanthu kalikonse kotakasa maganizo. Aliyense amene anayesapo kuwerenga fomu ya msonkho amaseka akafika pamenepa, koma nthabwalayo ikutsata lamulo la nkhaniyo mpaka kumapeto.

Alembi a pambuyo pake anaupititsa patali mwambowu, ndipo ambiri analembera akuluakulu. Mu 1991 Grant Morrison anatembenuza Kid Eternity n'kunena kuti amene ankawaitana aja sanali anthu enieniwo koma ziwanda zovala nkhope zawo. Mu 1999 Alan Moore ndi Kevin O'Neill anasonkhanitsa anthu a m'mabuku a nthawi ya mfumukazi Victoria, monga Captain Nemo, Dr Jekyll ndi Allan Quatermain, kukhala gulu limodzi mu The League of Extraordinary Gentlemen. Mu 2002 Bill Willingham anayamba Fables, mmene anthu a m'nthano athawa nkhondo kwawo n'kukabisala mu New York. Zitatu zonsezi musazifikitse m'kalasi mwanu, muli zachiwawa ndi zogonana.

Akale aja nawonso muyambe mwawawerenga nokha musanawapereke kwa ana, ndipo apa ndibwerere kwa Wing. Iye ndi wa ku China, ndipo ankajambulidwa monyoza, akulankhula Chingerezi chothyokathyoka choti owerenga aziseka. Anthu akuda ankajambulidwa moipa kuposa pamenepo: milomo yaikulu yofiira, maso otuzuka, amantha, ndipo a ku Africa kawirikawiri ankakhala khamu la mikondo lodikira mzungu woti alitsogolere. M'nkhani za Captain Marvel munali wantchito wakuda wotchedwa Steamboat, amene anachotsedwa mu 1945 ana asukulu a ku New York atapita okha kukadandaula kwa mkonzi. Mu 1947 mtolankhani Orrin C. Evans wa ku Philadelphia anatulutsa All-Negro Comics, yolembedwa ndi kujambulidwa ndi anthu akuda okhaokha, mmene munali ngwazi ya ku Africa yotchedwa Lion Man. Inangotuluka nambala imodzi yokha. Ana a Sitandade 7 ndi okula mokwanira kumva mbiri imeneyi, makamaka ya anzawo amene anakadandaula aja, koma tsamba lonyoza lisawafikire mwadzidzidzi inu musanakonzekere choti munene.

Kopeza makomikiwa kulipo. Ambiri a kampani ya Quality umwini wake sunawonjezeredwe zitatha zaka 28 zoyamba zija, choncho Hit Comics ndi Kid Eternity mutha kuwawerenga mwaulere komanso mololedwa pa Digital Comic Museum kapena Comic Book Plus. Mafayilo ake ndi olemera, ndi bwino kuwatsitsa pamene pali intaneti yosawerengera bandulo. Leading Comics, All Star Comics ndi Superman akadali a DC, imene inawasindikizanso m'mabuku a chikuto cholimba otchedwa Archives, ndipo a Seven Soldiers alipo mabuku atatu. Mukafuna kutsimikiza chaka kapena wojambula wa nambala iliyonse, Grand Comics Database ndiye kaundula amene osonkhanitsa makomiki amadalira. Makope enieni a nthawi imeneyo ndi osowa chifukwa anasindikizidwa pa pepala lotchipa la nyuzipepala limene limafiira n'kumafumbutuka, ndipo ambiri anasonkhanitsidwa pa nthawi ya nkhondo kuti akapangirenso mapepala ena. N'chifukwa chake kope limodzi la Action Comics nambala 1 linagulidwa madola 6 miliyoni mu 2024. Mukakulitsa tsamba pa foni yanuyo muona kuti mitundu yake ndi timadontho ting'onoting'ono ta inki zinayi zokha, yofiirira, yobiriwira ngati mtambo, yachikasu ndi yakuda, ndipo nthawi zambiri mtundu umasefukira kunja kwa mzere chifukwa makina ankathamanga. Ana amakonda kuona zimenezi, ndipo zimawalimbitsa mtima kuti zojambula zawo siziyenera kukhala zosalala.

Za kalasi lanu, ganizo lanulo ndi labwino, ndipo muli ndi mwayi umene olemba a ku New York ankaufunafuna: anthu a m'nkhani amene omvera akuwadziwa kale. Simufunika kufotokozera mwana wa ku Zomba kuti Kalulu ndi ndani. Langizo langa ndi loti musayambe ndi ngwazi, yambani ndi lamulo. Funsani ana kuti Kalulu sangachite chiyani, ndipo akuuzani okha kuti sagwira ntchito yolemetsa ndipo sapambana ndi mphamvu. Fisi sangaone nyama n'kuidutsa. Kamba safulumira koma sagonja. Zimenezi zilembeni pa bolodi zisanajambulidwe. Kenaka mutulutseni Kalulu m'buku la Chichewa la m'kalasi momwemo, apezeke pa mjigo wa pasukulu akutunga madzi osapereka ya mwezi, atanyengerera mlonda ndi uchi monga anachitira pa chitsime chimene anakana kukumba nawo chija. Ngwazi ya anawo imuthamangitse ilephere, imutchere msampha ilephere, mpaka mwana wina akumbukire kuti m'nthano ija amene anamugwira ndi Kamba. Pamenepo mwapeza nkhani yonse, ndipo yankho lachokera kwa agogo a mwanayo osati m'nkhonya.

Kamangidwe ka Leading Comics kaja kakuthandizaninso pa kalasi lalikulu. Tsamba loyamba ndi lomaliza lipangidwe ndi kalasi lonse, pakatipo gulu lililonse litenge nyama yake ndi masamba ake awiri kapena atatu, mabokosi asanu ndi limodzi pa tsamba. M'gulu mukhale wolemba mawu, wojambula ndi pensulo, wodutsitsa bolopeni yakuda ndi wopaka makrayoni, monga mmene ntchitoyi inkagawidwira ku makampani aja. Mawu a m'mabaluni alembedwe poyamba, chithunzi chibwere pambuyo, apo ayi malo a mawu adzasowa. Ndingakupempheni kuti mukhale pa nthano za nyama ndi za anthu wamba. Zilombo za Gule Wamkulu si anthu a m'buku, zili ndi eni ake ndi miyambo yake, ndipo kuzisandutsa adani oti azimenyedwa kungakuyambanitseni ndi makolo.

Pa za umwini, zochita m'kalasi zilibe vuto. Koma lamulo la kuno silifanana ndi la ku America la 1909 lija. Lamulo la Malawi loona za umwini wa luso limateteza nthano ndi zina za chikhalidwe m'dzina la mtundu wonse, choncho ngati tsiku lina mudzafuna kusindikiza kabukuko kuti muzigulitsa, mudzayambe mwafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso kuno ku Malawi. Ndipo ngati ana atenga nthano mmene inalembedwera m'buku la mlembi wina, mawuwo ndi zithunzizo ndi za mlembiyo ndi wosindikiza wake, ngakhale Kaluluyo ali wa tonse. Auzeni akaifunse nthanoyo kunyumba, aibweretse m'mawu awoawo.